Pegi ya pa Chala

Azakhali anga akhala akusita zovala za anthu kuyambira ndisanabadwe. Kachipinda kawo kogwirira ntchito kali kuseri kwa sitolo ya nsalu. Muli tebulo lalitali loyalidwa bulangete lakale, simbi ziwiri, botolo lowazira madzi lobooledwa pachivindikiro, ndi chingwe chodzaza mapegi. Manja awo ndi otentha chaka chonse. Tili ana tinkathawa akafuna kutigwira pamphumi, chifukwa kwa iwo mwana aliyense ankakhala wozizira ngati chule, ndipo ankamuveka juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Amuna awo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo yomweyo, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense n'kumangoti a Mawotchi. Anali munthu wa mawu ochepa. Azakhali ankayankhula zokwanira anthu awiri, ndipo banja linkayenda bwino choncho. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, msuweni wanga, woyendetsa magalimoto onyamula katundu kunja kwa dziko. Kunyumba amaoneka mwa apo ndi apo.

Chibayo chitawagwira a Mawotchi, anawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kumaso anawaveka chowapatsira mpweya, ndipo kuchala anawapana ndi kachipangizo kowala mofiira mkati, kamene kamaonetsa pamakina kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Azakhali atangokaona anati, "Imeneyitu ndi pegi." Dzinalo linakhazikika, mpaka anamwino nawo anatengera.

Pegiyo inkavuta. Nambala inkati ikaoneka n'kuzimanso, makina n'kumalira. Namwino wina anati, "Zala zawo zazizira, mayi. Tazitenthetsani pang'ono." Apa ndiye anali atawapatsa ntchito imene amaidziwa. Anaika dzanja la amuna awo pakati pa manja awo awiri, n'kumalisisita ngati akuwongola kolala. Nambala inabwerera, inakwera mpaka 95. Kuyambira pamenepo panalibe wowauza kanthu. Kwa iwo, manja awowo ndiwo ankalowetsa mpweya m'thupi mwa a Mawotchi. Ndinkawanena kuti ukalamba wawaphunzitsa kugwirana manja pagulu, iwo n'kuti, "Iwe, choka apa, ndili pantchito." Poyankhapo sankandiyang'ana n'komwe, maso anali pamakina.

Masana ena a Mawotchi anasuntha chopumira chija n'kunong'ona, "Mwana uja mwamuuza?"

"Ndamuuza kuti asavutike n'kubwera," anatero azakhali. "Taonani nambala yanu mmene yakwerera. Adzakupezani kunyumba, muli pamawotchi anu."

A Mawotchi anawayang'ana kwa nthawi yaitali ndi maso ofuna kunena zina, koma azakhali anali atatembenukira kale kumakina. Ndikakumbukira kuyang'ana kumeneko, mtima umandiwawa mpaka lero.

M'mawa mwake dokotala anatiitanira panja. Anali mayi wodekha, wosakonda kuzungulira nkhani. Anati ayeza magazi amene anatenga pamkono, ndipo mpweya ndi wochepa kwambiri kusiyana ndi zimene pegi ikuonetsa.

"Ndiye kuti imandinamiza?" anafunsa azakhali.

"Sikuti imanama dala, mayi. Imawalitsa m'chala n'kuyerekeza. Munthu akadwalitsa, magazi safika bwino kuzala. Komanso pakhungu lakuda ngati lathuli, nthawi zina imaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. N'chifukwa chake sitidalira iyo yokha. Ngati pali wina wofunika kumuitana, muitaneni lero."

"Nanga kutenthetsa konse kuja?"

"Kumathandiza pegi kuti iwerenge. Koma musasiye, dzanja lanu akulimva."

Azakhali sanalire. Anandipatsa foni kuti ndimuimbire ndine msuweni uja. Msuweni anali pamzere wa magalimoto m'malire a dziko lina. Anasiyira mnzake galimoto n'kukwera basi, koma mtunda sumvera munthu chisoni. Anafika bambo ake atatsikira kale kuli chete. Sanawadzudzule amayi ake ngakhale kamodzi, ndipo ine ndimaona ngati kukhala chete kwakeko ndi kumene kumawadya kwambiri.

Panopa azakhali akusitabe. Pakamwa sipanaphwe, makasitomala obweretsa malaya opanda mabatani amamva zawo. Pakhonde paja panabwera munthu wogulitsa matumba a mafoni, ndipo azakhali amamupatsa moni wa ulemu koma wouma, ngati kuti mwini malo wangochokapo pang'ono. Amawasowa amuna awo, ndipo sabisa. Amati chimene amachisowa kwambiri ndi munthu wowamvetsera osayankha.

Tsiku lina ndikuwathandiza kupinda nsalu zapabedi, anaima nsonga ziwiri zili m'manja.

"Iwe unalipo," anatero. "Tandiuza, masiku omaliza aja ankaoneka bwanji?"

"Azakhali, si inu munali pambali pawo tsiku lililonse?"

"Ndinalipo, mwanawe. Manambala onse ndikuwakumbukira, ungandifunse. Koma ndikati nditsinzine kuti ndione nkhope yawo, ndimangoona chala."