Tsiku Limene Tinaika Atcheyamani a ku Matero

Ndinadzuka kusanache, nditatsamira khoma la nyumba ya atate. Moto wa azibambo panja unali utasanduka makala, ndipo m'nyumba azimayi a mpingo ankaimbabe chapansipansi ndi mawu osasa chifukwa chochezera usiku wonse. Unali mwezi wa Okutobala. Ngakhale m'mamawa muja kunalibe kamphepo.

Kuseri, azimayi anayamba kusonkha moto pansi pa migolo yodula pakati, ya nyemba ndi kabichi. Madzi ankatunga pampope wa pamphambano, umodzi mwa mipope imene atate anakakamiza boma kutiikira m'masiku a chipani chimodzi.

Atate anachoka ku Malawi ali mnyamata, n'kudzakhala m'dziko lino, kuno ku Matero, kumene anapeza ntchito pachigayo cha boma. Chipani chitawatumiza kukaphunzira kudziko lina lachikomyunizimu, anabwerako ndi chijasi cholemera komanso chikhulupiriro chakuti chuma cha dziko n'cha anthu onse. Anawasankha kukhala tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna ana osapita kusukulu, ndipo panalibe mwana wobwezedwa chifukwa chosowa fizi. Inenso ndinaphunzira motero, mpaka ndinalowa ntchito pakampani ya boma, imene inatsekedwa zipani zambiri zitabwera.

Koma atate omwewo ankaimika anyamata pachipata cha msika kuti wopanda khadi la chipani asalowe. Munthu akadandaula pamzere wa ufa, dzina lake linkawafika dzuwa lisanalowe. Akulu anga atayamba kulankhula ku yunivesite kuti dziko likufunika zipani zambiri, atate anapita okha kukawanenera. Apolisi anadzatenga akulu angawo pakhomo pomwepa. Anakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndipo atatuluka anapita ku Kitwe, osabweranso kwathu.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera kukomboni ya George, ena pamaminibasi kuchokera ku Chawama ndi ku Kanyama. Mkulu wina amene atate anamupatsa malo omangapo nyumba analowa akulira ngati mwana. Mayi wina amene atate anamulanda benchi lake logulitsirapo kumsika anabwera atasenza nkhuni, anazitula kuseri, koma m'nyumba sanalowemo.

Pansi pa tenti azibambo ankakangana monong'ona. Wina anati kale kukiliniki kunali mankhwala, munthu ngati atcheyamani sakanafera pansi m'chipatala ana ake akuuzidwa kuti akagule okha jakisoni. Mnzake anamukumbutsa za mashelufu opanda sopo ndi mchere, ndi za anthu amene ankangosowa.

"Manje tikamba vilivonse, koma tidya chani?" anafunsa woyamba uja.

"Kale tinali kudya, koma na mantha," anayankha winayo.

Ndinali pakati pawo, ndipo onse ankandiyang'ana ngati kuti ine ndiye ndiweruze. Ndinangowerama.

Akulu anga anafika cha m'ma teni koloko. Anali ataonda, imvi zitawatuluka. Anagwada pakhomo kupereka moni kwa amayi, kenako anakakhala payekha pamwala pafupi ndi mpanda.

Thupi linafika masana kuchokera kumotchale. Titatha mapemphero ndi kuona nkhope, tinanyamula bokosi kupita kumsewu waukulu, kumene lole inkatidikira, chifukwa kanjira ka kwathu n'kopanikiza, galimoto sipita. Ine ndinagwira kutsogolo. Tili pakati pa kanjirako, akuluakulu atatu a chipani chakale anayala nsalu ya chipani chawo pamwamba pa bokosi. Lole ija tinali titabwereka kwa khansala wa chipani chatsopano, ndipo anyamata ake atangoona nsaluyo anatitsekera njira.

"Iyi nsalu siikwera pamotoka yathu," anatero mmodzi.

"Ba Cheyamani bafera mu chipani chawo. Imwe ndimwe bandani?" anayankha mmodzi wa akuluakulu aja.

Kutsogolo kunali anyamata aja, kumbuyo khamu la anthu likukankha, mbali zonse makoma. Sitikanatha kupita kapena kubwerera. Dzuwa linali paliwombo, thukuta likundilowa m'maso, chigwiriro cha bokosi chikundidula zala. Nditayang'anitsitsa, ndinazindikira awiri mwa anyamatawo. Anali omwe aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi m'masiku a atate. Anangosintha masikipa.

Nyimbo inaduka. Kenako ndinaona akulu anga akudutsa m'khamulo pang'onopang'ono. Anatiuza kuti titsitse bokosi pansi. Anachotsa nsalu ija, anaipinda bwinobwino, anatsegula chivundikiro n'kuiika pachifuwa cha atate.

"Ni yawo," anatero. "Bayende nayo."

Anyamata aja anapatuka.

Ulendo wa kumanda a ku Chingwere unali wa fumbi. Tinapanikizana m'lole mpaka kusowa popondetsa phazi. Kumandako tinapeza maliro ena kumanja ndi kumanzere kwathu, nyimbo zikusakanikirana. Abusa atandiitana kuti ndinene mbiri ya womwalira, ndinanena za ulendo wawo wochokera ku Malawi, za chigayo, za mipope ndi za ana amene anawalowetsa sukulu. Anthu ankavomera ndi mitu. Nditafika pa zaka za utcheyamani, ndinaona mayi wa nkhuni uja akundiyang'ana, ndipo pambali panga akulu anga anali chilili, manja kumbuyo. Amayi nawonso ankadikira. Ndinangoti atate anatumikira chipani ndi mtima wawo wonse. Za makhadi ndi za ndende sindinatchule, ndipo abusa anayambitsa nyimbo.

Akulu anga anaponya dothi pamodzi nafe, koma nkhata ya maluwa sanaike.

Titabwerera, tinasamba m'manja m'beseni la pachipata, anthu anadya n'kuyamba kubalalika. Madzulo eni tenti anadzaitenga. Tinalowetsa mipando imene tinaitulutsa tsiku loyamba la maliro, n'kukhala atatu pabalaza, amayi, akulu anga ndi ine. Mdima utayamba, amayi anandipatsa kiyi.

"Khoma chitseko, mwananga. Chilekereni anyamata a atate ako kulondera, akuba sakutigonetsa."

Ndisanafike pachitseko, akulu anga anali ataimirira kale.

"Amama, chonde, musakhome. Kuchokera kuja, sinigona m'nyumba yokhoma."

Aka kanali koyamba kuti timve kanthu kalikonse ka zimene zinawachitikira kundende kuja. Amayi anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Ndinakoka kampando n'kukhala pakhomo penipeni, chitseko chili chotsegula, msana kwa iwo, maso kukanjira, kiyi ali m'manja.