Nthenga ya Kakowa ku Tsindwi

Ku tsindwi la nyumba ya amayi, pamwamba pa chitseko, kunali nthenga yoyera ya kakowa. Ndinaisomeka ndine, chaka chomwe abambo analima komaliza dimba lathu la ku Namitambo.

Ndikuti lathu, koma linali la amayi. Abambo anali mkamwini, ndipo amalume sankalola kuti aiwale zimenezo. Matimati akapsa, amalume ankangofika ndi dengu n'kuthyola osapempha, ati nthaka ndi ya mbumba yawo. Abambo ankangopitiriza kuthirira.

Mvula itatha, kumunsi kwa dimbalo kunatsala thamanda lodzaza ndi akakombo, maluwa aja oyandama pamadzi. Ankatseguka dzuwa likakwera, madzulo n'kutsekeka. Akakowa ankatera pomwepo, miyendo yowonda ngati mapesi, akuponda mwaulemu posaka achule. Matope ake ankanunkha ngati mphika wogonera.

Ine pakamwa panga sipankatsekeka. Tsiku lina ndinafunsa kuti chokongola koposa n'chiti, mbalameyo kapena duwalo.

"Kakowa," anatero abambo. "Amaponda matope a eni ake tsiku lonse, koma amachoka ali mbee."

Amayi sanadzutse n'komwe mutu pa mpiru womwe ankathyola. "Amachokadi. Kakombo alibe mapiko. Mukam'zula, afota."

Ndinafuna kuona ndekha. Ndinazula duwa limodzi, phesi lake lalitali loterera, n'kuliika m'botolo la madzi. Kutacha linali litagwetsa mutu. Basi ndinagamula mlandu ngati wamkulu: abambo apambana! Iwo anaseka pang'ono, anatola nthenga m'matope, anaipukuta pa malaya awo n'kundipatsa.

Thamanda litaphwa, akakowa anapita. Abambo nawo anamangirira khasu ndi wailesi pa njinga, ati akukaona abale awo ku Ndunde, koma sanabwerenso. Lero ndimawamvetsa, si chapafupi kukalambira pa munda womwe sungautche wako. Komabe zimandiwawa mpaka pano, sindingabise.

Amayi sanaichotse nthenga ija, ngakhale inada bii ndi utsi. Mvula yotsatira itadzazanso thamanda, ndinapeza akakowa atatera pamalo pawo pomwe paja, pakati pa akakombo atsopano. Ndinathamanga mpaka kunyumba, matope m'miyendo, ndikukuwa kuti akakowa abwera, abambonso akubwera, tisese pakhomo. Sindinamvetse chifukwa chake amayi anangopitiriza kusankha nyemba m'lichero, osayang'ana n'komwe kunjira.