Tinawaika ku Bangwe alamu anga a ku Bangladesh

Ndinadzuka kusanache, phewa litachita dzanzi chifukwa chogona pa benchi. Moto umene tinasonkha panja pa nyumba ya mchemwali wanga Tereza unali utatsala makala okhaokha. Amuna amene tinachezera nawo pa siwa anali atadzipinda m'majekete, ena atafunda zitenje za akazi awo. Kunali chiperoni. Phiri la Bangwe silinkaoneka n'komwe, ndipo mvula yowaza ija inkangotsika mwakachetechete, yozizira mpaka m'mafupa. Linali Lachisanu. Alamu anga, amuna a Tereza, anamwalira Lachitatu madzulo ndi matenda a impso, koma mtembo unali udakali ku mochale.

Anthu a kuno ankawatchula a Rafiki. Anachokera ku Bangladesh ali mnyamata, atalonjezedwa ntchito yabwino m'sitolo ina ku Limbe. Atafika, bwana wawo anatenga pasipoti yawo nkunena kuti awasungira, ndipo ankawagoneka m'chipinda chosungiramo katundu. Atatopa nazo anachoka chimanjamanja, opanda ndi pepala lomwe. Anayamba kukonza makina osokera pa khonde lina pamsika wa Bangwe, pamene Tereza ankasoka mayunifomu a sukulu. Ife ndife Akatolika a ku Nsanje, ndipo ine ukwati umenewo ndinaukana kwamtuwagalu. Ndinauza Tereza kuti mwenye sakwatira munthu wakuda, amangomugwiritsa ntchito. Zaka ziwiri sindinawapatse moni alamuwo. Pambuyo pake ndinayamba kufika pakhomo pawo chifukwa cha ana awiri amene anabadwa, koma mawu aja sindinawabweze.

Kutayamba kuyera, amayi a ku mphakati kwathu anakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkangokwawa pansi. Akusankha nyemba, panafika amuna awiri achimwenye atanyamula mapoto akuluakulu ndi thumba la mpunga. Anali makhukhi a m'malesitilanti a ku Limbe. Anaika mafuwa awo pafupi ndi a amayi aja osafunsa munthu. Amayiwo anayang'anana, poti kwathu mwamuna saphika pa maliro. Kenaka mmodzi anatapa makala a moto pa chidutswa cha lata nkuwapatsa.

Amuna amenewa anali a kagulu kamene alamu ankapitako Lamlungu lililonse masana. Ine ndinkaganiza kuti amakangocheza ndi kumwa tiyi. Sabata imeneyi ndi pamene ndinadziwa kuti ndi anthu amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Bangladesh, ku Pakistan, ku India ndi ku Nepal, osati eni masitolo. Amakumana kuseri kwa shopu ya telala wina wokalamba. Wina akadwala amamuperekeza kuchipatala nkumutanthauzira, wina akachotsedwa ntchito amamupezera pogona. Amene amawatsogolera ndi mayi wina wachikulire wachimwenye, mphunzitsi wopuma pantchito, wobadwira ku Limbe konkuno, amene Chinyanja chake n'chimodzimodzi chathuchi.

Lachinayi mayi ameneyu anapita nane ku mochale. Kumeneko anatiuza mwaulemu kuti mtembo wa munthu wa dziko lina sangautulutse popanda chiphaso chosonyeza kuti ndi ndani. Asilamu sachedwetsa maliro, ndipo tsiku linali litatha kale. Tikutuluka, mayiyo anangoti, "Izi ndisiyireni ine, bambo."

Choncho m'mawa wa Lachisanu tinkadikira. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha koma madzi akulowamo. Shehe wa mzikiti wa pafupi, Myao wamtali wa ndevu zoyera, anakhala pa mpando pansi pa tenti akuyang'ana wotchi. Anthu ankafikabe. Anabwera atelala onse a pamsika, anabwera a kutchalitchi, anabwera achibale a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri. Koma ambiri sindinkawadziwa. Mbiri inali itawanda kuti ku Bangwe kuli maliro a mwenye, ndipo ena anangobwera kudzaona. Anaima m'mphepete mwa ngalande akusuzumira nyumba ya zipinda ziwiri ija, ya malata a dzimbiri. Ndinamva wina akuseka kuti mwenye wosauka wamuona lero. Mayi wina ananena mokweza kuti anawo abale ake awatenga nkupita nawo kwawo, mkaziyo atsala yekha. Tereza anali m'nyumba pafupi ndi windo, ndipo anamva. Nditalowa ndinamupeza atagwira ana onse awiri m'mikono mwamphamvu, wamng'onoyo akulira kuti akumupweteka.

Mayi wachimwenye uja anafika cha m'ma teni koloko, nsalu yake itanyowa mpaka m'mawondo. Anandipatsa kajumbo. Mmodzi mwa amuna amene anali naye anandinong'oneza kuti mayiyo anakaima pakhomo pa sitolo ya bwana wakale wa alamu ija chitsegulireni, iye ndi amuna anayi a kagulu kaja, ndipo aliyense wolowa ankamuuza chimene aimira pamenepo. Mwini sitolo sanatuluke. Anatuma wantchito kuti apereke pasipotiyo. Nditaitsegula ndinaona chithunzi cha mnyamata wa tsitsi lambiri, akumwetulira pang'ono, ndi dzina lalitali limene sindinathe kulitchula. Inali itatha ntchito kalekale, koma ku mochale anailandira.

Tinautenga mtembo pa pikapu ya mmodzi wa anthu a kagulu kaja mpaka ku mzikiti. Ine ndinadikira panja pamene ankausambitsa. Kenaka anaubweretsa kunyumba utakulungidwa mu sanda, nsalu yoyera ija, pa jeneza limene Asilamu amanyamulira maliro. Anatsegula kumaso kokha kuti Tereza ndi ana aone. Mayi athu, amene anafika kuchokera ku Nsanje Lachinayi, anayang'ana uku ndi uku.

"Bokosi lili kuti? Mwana wa eni ake apita chonchi?"

Mayi wachimwenye uja anakhala pansi pa mphasa pambali pawo nkuwafotokozera kuti si umphawi ayi, ndi mmene amaikira aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Mayi athu anangopukusa mutu. Pomwepo amayi a mphakati anayamba nyimbo ya maliro ya kutchalitchi. Ndinaona shehe akukweza dzanja kuti awaletse. Analisiya m'mwamba kwa kanthawi, kenaka analitsitsa nkudikira mpaka nyimboyo inatha.

Kumanda akazi sapita, ndipo Tereza ankadziwa zimenezo. Anatiperekeza mpaka pamene kanjira ka kunyumba kamakumana ndi msewu. Sanakuwe. Anandigwira malaya nkunena kuti, "Achimwene, mukaone zonse."

Atatha mapemphero a masana ku mzikiti tinanyamuka wapansi. Jeneza silikhalitsa pa phewa la munthu mmodzi. Wina amalowa, amayenda masitepe angapo, wina nkumulandira, ndipo amayenda mofulumira. Matope anali oterera. Maminibasi anaima, makondakitala anasiya kuitanira, ndipo amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaimirira. Onyamula anali Ayao a mumzikiti, anzawo a ku Bangladesh ndi ku Pakistan, ndi Mhindu wina amene patapata inamudukira nkumangoyenda wopanda nsapato. Ife Akatolika tinkatsatira m'mbuyo, osadziwa ngati tikuloledwa, mpaka wina anandikoka dzanja nkundiika pansi pa mtengo wa jenezalo.

Kumanda tinapeza adzukulu akukapa madzi ndi ndowa. Dzenje linali ndi kaphanga m'mbali mwake, mogoneka mtembo. Mnyamata wina wa ku Bangladesh anakweza foni m'mwamba kuti mchimwene wa malemu aone ali kwawoko. Shehe anafunsa kuti wachibale ndani, alowe m'manda alandire mtembo. Anthu a kagulu kaja anayang'anana. Telala wokalamba uja, amene anachokera boma limodzi ndi alamu, anandiloza. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti ameneyo si Msilamu. Telalayo anatembenuka nkuyankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"M'bale wina palibe. Ndi uyu basi."

Shehe anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ndivule nsapato. Ndinatsika pamodzi ndi telalayo ndi Myao wina. Matope anali ozizira kwambiri kumapazi. Atatipatsira mtembo ndinadabwa kupepuka kwake, poti matenda anali atawamaliza. Ine ndinagwira kumutu. Shehe anandiuza kuti ndiwagonekere kumanja, nkhope iloze kumpoto, ndipo ndinatero. Kudzera mu nsalu ija ndinamva chibwano chawo m'dzanja langa. Ndinawerama nkunena kuti, "Pepani alamu." Sindikudziwa ngati anzanga awiri aja anamva. Tinatseka kaphanga kaja ndi matabwa, nkumata mipata ndi dothi, ndipo anatikoka kuti tituluke. Aliyense anaponya dothi katatu ndi manja. Mu foni muja munthu ankalira mokweza, mawu akudukaduka.

Pobwerera tinasamba m'manja pa beseni la pakhomo ndipo anthu anadya. Odzaona aja anadya msanga nkumapita. Asananyamuke, mayi wachimwenye uja analowa m'nyumba, ndipo ine ndinaima pakhomo. Anauza Tereza kuti zimene anamva m'mawa zija n'zabodza, ana ndi ake, palibe adzawagwire. Anati Lamlungu abwera ndi anzake kudzaona za makina osokera amene anthu anasiya pa khonde la kumsika. Tereza anangogwedeza mutu. Makhukhi aja anatsuka mapoto awo, anyamata a kutchalitchi anabweza mabenchi, ndipo tenti inachotsedwa. Pofika sikisi koloko pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope.

Magetsi anali atazima. Tinakhala pa mphasa ndi kandulo, ine, mayi athu ndi Tereza, ana atagona pamiyendo. Tereza anati ndimuuze. Ndinamuuza zonse monga zinachitikira, za madzi, za matabwa, za mbali imene ndinawagonekera. Anafunsa ngati mutu unali pouma. Ndinati eya, ngakhale sindinali wotsimikiza.

Tili pomwepo, foni ya malemu inalira pa shelefu. Tereza anaiyang'ana nkunena kuti ndi apongozi ake. Zaka zonsezi ankalankhulana alamu ali pakati kutanthauzira. Anaitenga nkuyankha. Panaoneka nkhope ya gogo wamng'ono thupi, atafunda nsalu yoyera kumutu, maso atatupa. Anayamba kulankhula m'chinenero chake, pang'onopang'ono. Tereza anasendeza kandulo pafupi kuti aoneke, anawaonetsa ana ali m'tulo, kenaka nayenso anayamba kuwafotokozera m'Chinyanja mmene mwana wawo anadwalira, zimene anadya tsiku lomaliza, ndi anthu amene anabwera. Palibe anamva chimene mnzake ankanena. Analankhulabe, mosinthana, wina akudikira kuti mnzake amalize, mpaka foni inatha moto.