Achimwene ndi Kandege Kawo

Achimwene anga atabwera kuchokera ku Cuamba ndi kandege koulutsa ndi rimoti, analanda chigafa chimene tinkayanikamo fodya kwathu ku Ngauma, amvekere ndi ofisina yawo, malo okonzeramo kandegeko. Fodyayo tinakamupachika pakhonde, mvula n'kumamuwaza.

Achimwenewo, munthu amene chitseko cha nyumba yake chinkatsekedwa ndi mwala, anayamba kupala matabwa ndi kukhoma mashelefu owongoka bwino. Tizitsulo anatisanja m'zitini za nsomba, kalikonse m'chitini chake. Mapiko anawapachika kudenga kuopa makoswe, ndipo mabatire ankawatchaja pa sola yathu, mafoni athu ali chizimire. Tsiku lina nditapita kukatenga khasu, anandiimitsa pakhomo.

"Achemwali, muno simulowa ndi mapazi amatope. Dothi limapha injini."

"Injini yake iti, achimwene? Ija imalira ngati udzudzu?"

Atakhutira kuti zonse zili m'malo, anaitanira mudzi wonse kubwalo la mpira. Kandegeko kanathamanga pansi, kanadzuka kufika m'chiuno mwa munthu, n'kukadzimenyetsa pamtengo wa golo, phiko n'kuthyoka. Anthu anabalalika akuseka. Achimwene anatola zidutswazo mosachita manyazi, nati mphepo ya kwathu kuno sinazolowere ndege.