Tsiku limene amalume anasambitsa galu wathu

Ndikukumbukira Loweruka lina tikukhala ku Area 15, ine ndikadali kupulayimale. Tinali ndi galu wofiirira dzina lake Mphepo, amene ankandiperekeza kusukulu mpaka pamsewu waukulu. Dzinja limenelo nkhupakupa zinamudzaza m'makutu, nthata zili yakaliyakali pamimba.

Amalume anabwera kuchokera kumudzi atanyamula kabotolo ka mankhwala a kudibu. Iwo anakulira pa ng'ombe, ndipo kwa iwo nkhupakupa inali nkhupakupa basi. Anasungunula mankhwalawo m'beseni monga ankachitira popopera ng'ombe zawo, n'kuwonjezerako pang'ono, ati galu wa m'tauni ubweya umachuluka. Madzi anayera ngati mkaka, fungo lake lolasa m'mphuno. Ine ndinagwira Mphepo, iwo akumuthira.

Nkhupakupa zinayambadi kuyoyoka. Koma dzuwa lisanapendeke galu uja anayamba kudzandira, dovu lili chuchuchu, miyendo ikunjenjemera. Anasanza patsinde pa mtengo wa mapeyala n'kugona pomwepo. Ndikamuitana ankangogwedeza nsonga ya mchira.

Amayi sanakalipe. Anatenga sopo wochapira, tinamutsuka Mphepo pampopi mobwerezabwereza mpaka fungo linachepa. Abambo anamufunditsa chiguduli, kumuika pakaliyala ya njinga, ulendo kwa dokotala wa ziweto. Ine ndinatsala ndikulira pageti. Potembenuka ndinaona amalume atagwada pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, mwayamba kupempherera agalu?" anafunsa amayi.

"Ndikupempherera mwanayu. Galuyo akafa, ndidzamuyang'ana bwanji kumaso?"

Mphepo anabwerako atabayidwa jakisoni. Dokotala anauza abambo kuti mlingo wa ng'ombe umapha galu, ndipo kumutsuka msanga kuja n'kumene kunathandiza. Kwa masiku angapo ankangonyambita madzi, amalume nawo osafuna kubwerera kumudzi. Kenaka m'mawa wina Mphepo anadzuka, n'kuwabera amalume mbatata yowotcha pambale. Sindinaonepo munthu akusangalala chotero ataberedwa.

Lero ndimakhala ndekha chimwalirireni mayi a kunyumba, ndipo mwana wanga anandibweretsera kagalu koti tizichezerana. Mankhwala a nkhupakupa a masiku ano ndi timadontho todonthezera pakhosi, ndipo madokotala a ziweto amayamba amuyeza kaye galuyo pasikelo. Amachenjeza ndithu kuti agalu ena amafooka kapena kudzikanda, choncho tsiku lomudonthezera sindipita kutali. Ndimakoka mpando n'kukhala naye pamthunzi. Akangodzuka kukauwa njinga yamoto imene ikudutsa, ndimathokoza Mulungu chamumtima, n'kulowa kukatereka tiyi.