Kabokosi ka Pansi pa Mpando

Lazaro anaphunzira kuyendetsa galimoto kumtunda, ku Dedza boma, komwe dalaivala wa batire yofooka savutika: amangoimika galimoto pachitunda, m'mawa n'kuimasula, ikamatsetsereka n'kulira yokha. Atakwatira Edna wa ku Golomoti n'kutsikira kuchigwa ndi pikiapu yake yakale, anapeza dziko lathyathyathya ngati mphasa. Kuno galimoto ikakana kulira imafuna mapewa a anthu, ndipo anthu akuchigwa anamukankha mkamwini wawoyu zaka khumi ndi ziwiri. Akangomva mawu ake akuti "tandithandizani pang'ono", amuna ena ankakumbukira mwadzidzidzi kuti msana ukuwapweteka.

Ntchito yake inali yotuta mpunga ku sikimu ya Bwanje ndi m'minda ya kuseri kwake, m'tinjira tomwe ngakhale ng'ombe zapangolo zimadandaula. Kuseri kwa mpando kunkakhala bokosi lofiira la chithandizo choyamba. Apolisi apamsewu akalifuna, Lazaro ankalikweza m'mwamba mwaulemu, koma osalitsegula. Akanalitsegula bwanji? Bandeji anamangira paipi ya madzi itayamba kudontha, pulasitala anakulungira mawaya, sipiriti anatsukira mitu ya batire. Wodwala wamkulu m'banja lija inali galimoto. M'bokosimo munangotsala masipanala awiri ndi mphira za chubu zomangira katundu.

Chaka chatha Vincent, mchimwene wake wa Edna, anaimba foni ali ku Joni.

"Alamu, m'chikwama mwatsala malo a chinthu chimodzi. Ndikutengereni bokosi la mankhwala latsopano, kapena kabokosi kodzutsira galimoto batire ikafa?"

Edna, amene ankamvetsera pambali, anati la mankhwala. Lazaro anaseka.

"Mayi a Rozi, bala mumamanga ndi chitenje. Nanga galimoto mungaidzutse ndi chitenje?"

Kabokosiko kanafika, kakuda, kokwana m'dzanja limodzi, ka mawaya awiri ndi timagetsi tinayi toonetsa kuti kakhuta. Lazaro anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Vuto linali limodzi: kankathanso kutchaja mafoni, ndipo m'mudzi wopanda magetsi nkhani yotere sigona. Pasanathe sabata, pakhonde pa Lazaro panali pamzere. Tsiku lina anatandala m'dambo la ku Mtakataka, galimoto ili zii, kabokosi kali gwa, moto wake wonse utathera m'mafoni a anthu. Atabwerako anaika lamulo. Kabokosi kazikhala pansi pa mpando, ndipo asakakhudze munthu, kaya ndi wachibale kaya ndi mkulu wa mpingo. M'mudzi anati mkamwini wayamba matama. Mawuwo anamupweteka, koma anapirira.

Mwezi wa Juni unafika, nthawi yomweta mpunga wawo. Lolemba Lazaro anakatchaja kabokosi ku Golomoti mpaka timagetsi tonse tinayi titayaka. Lachiwiri amayi asanu ndi mmodzi, anzake a Edna, anabwera kudzathandiza kumweta monga amachitirana chaka ndi chaka. Lachitatu anabweranso, ndipo Lazaro analowetsa pikiapu mpaka kumapeto kwa munda, komwe dothi lamakande linali lisanaumitsitse, kuti amayiwo asasenze matumba mtunda wautali.

Tsoka silinunkha. Dzuwa litakwera pang'ono, Edna anaterereka pamlambala wa ngalande atasenza mtolo wa mpunga, n'kugwera pa chikwakwa chomwe chinatsamizidwa muudzu. Chinamulowa kuseri kwa bondo. Lazaro atafika anapeza magazi akutumphuka, osati kuchucha. Fatima, mnzake wapamtima wa Edna, anavula chitenje n'kumanga, koma chinanyoweratu pomwepo. Chachiwiri chimodzimodzi. Lazaro anathamangira bokosi lofiira lija ngati kuti sankadziwa za mkatimo, n'kulikhuthulira pansi. Masipanala. Mphira. Anatola mphira imodzi, n'kuizunguliza pantchafu katatu, n'kukoka mpaka mkazi wake atakuwa. Magazi analeka.

"Musaope, mayi a Rozi. Pompano tifika kuchipatala."

Anamugoneka kutsogolo, n'kupotokola kiyi. Galimoto inangoti kwe, basi. Lazaro sanatekeseke, si ndiye ntchito ya kabokosi imeneyi? Anakasolola pansi pa mpando, n'kumanitsa mawaya pamitu ya batire, n'kudina. Kagetsi kamodzi kanaphethira kawiri n'kuzima. Anadinanso. Anakapukuta pamalaya, anakagwedeza, anakamenya pachikhatho. Anatukwana Vincent, anatukwana Joni ndi zinthu zake zonyenga maso, kenako anagwada m'matope n'kuyamba kukachonderera kabokosiko ngati munthu.

"Tikankheni, amayi! Chonde tikankheni!"

Amayi asanu ndi mmodzi anatsamira galimoto. Matayala anayenda pang'ono n'kumira. Lazaro anagwetsa pansi matumba onse omwe anali atapakira, anayala mapesi a mpunga kutsogolo kwa matayala, nakankhanso. Pouma panali poonekera, mwina mapazi zana okha, ndipo ndi zimenezo zinamupusitsa. Nthawi iliyonse ankati kwatsala kamodzi. Fatima anamuuza kawiri kuti aitane wakabaza wa njinga yamoto, iye n'kuyankha kuti munthu wotere sangakhale panjinga. Zaka khumi ndi ziwiri galimoto ija inali isanakanepo mpaka mapeto, ndiye ikanayambira pa mkazi wake? Pomwe ankavomera, dzuwa linali litapendeka, amayi manja ali lende, ndipo milomo ya Edna inali itatuwa.

Wakabaza anachedwa, ndiponso analephera kuwoloka ngalande. Lazaro anabereka mkazi wake kumsana kukafika pomwe panaima njinga. Anakwera atatu, Edna pakati, Lazaro kumbuyo atamukumbatira. Njira yonse ankamulankhula kukhutu za Rozi, mwana wawo yekhayo, amene anali kusukulu yogonera komweko osadziwa kanthu. Ankaopa kuti akangosiya kulankhula, mkazi wake agona osadzukanso.

Kuchipatala cha mishoni anamuika Edna magazi, n'kumutumiza pa ambulansi kuchipatala chachikulu. Kumeneko, m'mawa mwake, dokotala anamutengera Lazaro pambali. Anati mphira ija ndiyo inapulumutsa moyo, koma mtsempha waukulu unali utaduka, ndipo kumunsi kwa mwendo kunakhala maola ambiri osalandira magazi. Kunali kutafa. Akausiya, utenga munthu yense. Edna anali atavomera kale kuti mwendowo audule. Pankafunikanso dzanja la mwamuna wake papepala.

Lazaro analowa m'wodi. Ankafuna kupepesa, koma sankadziwa poyambira: pa bokosi lomwe anakana, kapena pa maola omwe anataya m'matope. Edna ndiye anayamba, maso ali kudenga.

"Bambo a Rozi, musawatukwanenso achimwene. Kabokosi kaja kalibe mlandu. Ndinakatenga ndine Lachiwiri, inu mutapita kukagula dizilo."

Edna anapitiriza osamuyang'ana.

"Anzanga anaweramira mpunga wathu tsiku lonse osalandira kanthu. A Fatima anapempha kuti atchajeko pang'ono, mwana wawo akudwala ku Salima. Ndikanawapatsa iwo n'kumana enawo? Ndinati ndikuuzani madzulo, koma ndinaopa." Misozi inatsikira m'makutu. "Mwendowu ndadzidula ndekha."

Mkwiyo unabwera, tisaname. Koma Lazaro anayang'ana mkazi amene mawa adzadzuke ndi mwendo umodzi, n'kuona kuti akangonena kuti "si ndinanena", mawu amenewo mkaziyo adzawasenza mpaka kumanda, ndipo sadzaperekanso kanthu kwa munthu osanjenjemera. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumugwira dzanja.

"Mukudzivutitsa chabe, mayi a Rozi. Kabokosi kaja kanatha kale mphamvu. Mafoni kankatchaja, inde, koma galimoto kanasiya kudzutsa mwezi watha. Ndinachita manyazi kukuuzani, poti munanena kuti titenge la mankhwala."

Edna anatembenuka n'kumuyang'anitsitsa. Anthu awiriwa anali atakhala limodzi nthawi yaitali moti bodza la wina silikanabisika kwa mnzake, ndipo Lazaro anaona kuti mkazi wake wadziwa.

"Zoona, bambo a Rozi?"

"Zoona."

"Mubwerezenso mawa ndikadzuka," anatero Edna motsitsa mawu. "Ndi mkuja womwe. Mwina ndidzakhulupirira."

Namwino anafika ndi pepala. Lazaro anasaina ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani, chifukwa lamanja Edna anali asanalisiye.