Chitini cha Mabolasha a Rosita

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinatsala pang'ono kupha mlongo wanga, ine ndili kuno ku Mualadzi, iye ali ku Zambia. Si aliyense angathe zimenezi. Ku fakuludade, sukulu ya ukachenjede ija, ndinalephera kumaliza ngakhale chaka chachiwiri, koma pa zaka khumi ndinali kale katswiri wopweteka munthu ali kutali.

Mlongo wangayo ndi Rosita. Nkhondo itafika pomawotcha nkhokwe, amayi anamutumiza kwa azakhali kutsidya kwa malire, ife n'kutsala kulondera munda ngati kuti chimangacho chidzatithokoza. Rosita anali ndi vuto limene mudzi wonse unkaliona ngati mwano: thupi lake linkadana ndi mtedza. Akangolawa nsinjiro, milomo inkatupa, maso n'kutsekeka, mpweya n'kumatuluka ndi kaphokoso ngati ka tayala lobooka. Anthu a kwathu, amene amathira nsinjiro m'china chilichonse kupatula m'madzi a ubatizo, anagamula kuti mwanayo ndi wamatama basi. Mkulu wa ogamulawo anali malume anga a Zefa, amene sanapondepo pa eskola koma ankadziwa matenda onse a padziko.

"Mwana wa Mchewa kudwala mtedza?" ankatero. "Mukumusasatitsa, alongo. Mawa adzati akudwala madzi."

Patatha zaka ziwiri osamuona, uthenga unabwera kuti Rosita alandira Ukaristia koyamba. Amayi sakanatha kupita. Njira inali ndi mabomba okwirira, ndipo kumsana kwawo kunali khanda. Anaganiza zomutumizira mabolasha, timikate touma tija, kuti mwanayo adye kanthu ka m'manja mwawo, adziwe kuti sanaiwalidwe. Luso limeneli analiphunzira m'khitchini ya masisitere a ku mishoni nkhondo isanayambe, ndipo masisiterewo pothawa anawasiyira kachidutswa ka kanela, khungwa lofiirira lonunkhira, kamene ankakasunga m'kathumba ka korona. Ufa wa tirigu ndi shuga zinali za chithandizo cha ku parishi, zimene ifeyo tinkangozidziwa ndi maso.

Sindinaonepo mwambo wa Misa wosamalidwa ngati kuphika kwa tsiku limenelo. Mtondo wathu anaukana, chifukwa unali utasinja mtedza kuyambira nthawi ya Apwitikizi. Kanela anamupera ndi botolo pa mwala wotsukidwa katatu. Mthiko anasema watsopano. Ine anandisambitsa m'manja ndi phulusa mpaka khungu kutuwa, kenako n'kundiuza kuti ndisakhudze chilichonse, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti kusambako chinali chilango chabe. Anaphikira mu mphika wachitsulo, makala pansi, makala pa chivindikiro. Fungo litatuluka, anansi amene anali asanatipatse moni kuyambira pa Pasaka anakumbukira onse pamodzi kudzafunsa za thanzi la khanda.

Mabolasha anatuluka makumi awiri, akunyezimira ndi shuga ndi kanela. Amayi anawaika m'chitini cha mkaka wa ufa, n'kuchimanga ndi kachidutswa ka kapulana, chitenje chawo. Koreyo, positi ofesi yathu, inali itafa kalekale, m'nyumba yake mukugona mileme, choncho katundu ankayenda pamanja. Ine ndikapereke kwa malume kutsidya kwa dambo, malume akapereke pa njinga kwa katekista, katekista kwa mayi wina amene ankadutsa malire kukagula mchere. Anthu anayi, onse obatizidwa.

Padambo ndinakhala pansi pa msuku kuti ndione ngati chivindikiro chatsekedwa bwino. Nditachitsegula, ndinapeza kuti sichinali chotseka. Ndinadya awiri. Sindinama, m'kamwa mwanga simunalowenso chinthu chokoma chotero mpaka lero. Koma nditanyamuka, chitini chinayamba kulira khwechekhweche, kundinenera. Tsono ine ndinaleredwa bwino. Kwathu ukatapa m'mbale ya mnzako suisiya yoperewera, umaikamo kanthu. M'thumba mwanga munali mtedza wokazinga, ndipo ndinauthira momwemo mpaka phokoso litatha.

Kodi za Rosita ndinkazidziwa? Ndinkazidziwa, manja anali akadawawa ndi phulusa. Koma ndinaganiza, ndi nzeru zomwezi zimene zinadzandichotsa ku fakuludade, kuti akafika adzasankha.

Zotsalazo ndinadzazimva pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, chifukwa anthu aulemu sabisa ulemu wawo. Malume atatsegula n'kuona mtedza anati, "Aa, alongo achira misala ija," ndipo anadya anayi n'kudzaza ndi mtedza wa m'nkhokwe yawo. Katekista anagawira ana ake, n'kudzaza ndi mtedza ndi pemphero. Mayi wa mchere anapeza kuti mabolasha ndiwo akusokoneza mtedza, ndipo anakonza vutolo. Palibe amene anaba. Aliyense anabweza, ndipo chitini chinafika chodzaza kuposa m'mene chinachokera.

Mwayi wake, anayamba kutsegula ndi azakhali. Rosita anali ataima pambali pawo ndi diresi loyera lobwereka, atazindikira kale kapulana ya amayi. M'katimo munali mtedza mpaka pakamwa, ndipo pansi penipeni bolasha limodzi, lomatirira makoko. Azakhali anachiponya kunja, n'kusamba m'manja.

Yankho linabwera ndi manja omwe aja, ndipo ulendo uno palibe anatapako. Azakhali anati: "Mlamu, ngati mwanayu mwatopa naye, nenani, musamutumizire imfa m'chitini." Ndipo Rosita anangowonjezera mawu awiri: "Amayi andiiwala." Malume, amene anabweretsa uthengawo nkhope ili gwa, anathirira ndemanga kuti nthawi ya nkhondo zinthu zimasanduka panjira. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa, "Iwe, unapereka bwinobwino?" Ndinati, "Inde, amayi." Anangopita kukatsukanso mwala uja, ngati kuti wolakwa ndi mwalawo.

Nkhondo itatha Rosita anabwera ali namwali, ndipo ankapereka moni kwa amayi ngati mlendo wodutsa: kugwada, kuwomba m'manja, basi. Mphasa imodzi sankakhalapo nawo. Ine ndinaonerera zimenezi zaka zambiri molimba mtima. Ndinaulula nditabwerako ku fakuludade ndi sutikesi yopanda dipuloma, poona kuti ulemu woti ndiuteteze unali utatha kale.

Amayi sanadabwe n'komwe. "Ndinkadziwa. Unanunkha kanela masiku atatu."

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa Rosita.

"Iwe unali kutsidya ukundida ine. Ndikananena, ukanadana ndi mlongo wako. Ine ndidzafa, awirinu mudzatsala."

Rosita ananyamuka pa mpando n'kukakhala pa mphasa, phewa kugundana ndi phewa la amayi. Ine ndinatsala chiimire, osayang'anidwa ndi aliyense, ndipo ndinaona kuti n'zoyenera.

Masiku ano zinthu zasintha. Paketi iliyonse ya m'sitolo imalemba zimene zili m'kati, katundu amakwera shapa, timinibasi tija, n'kufika tsiku lomwelo, ndipo wotumiza amajambula pa foni asanamange, kusonyeza kuti abale tsopano tikudziwana. Ana a malume a Zefa amanena mawu oti "alerijiya" mokweza, ngati matendawa anawatulukira ndi bambo awo. Rosita amakhala ku Tete, ndipo Natale iliyonse, pa Khirisimasi, amaphika mabolasha a kanela n'kutumiza zitini ziwiri. Cha amayi chimafika chodzaza mabolasha okhaokha. Changa chimafika chodzaza mtedza mpaka pakamwa, wothira ndi mwamuna wake, ndipo pansi penipeni pamakhala bolasha limodzi. Kalata simukhala. Ndimalipukuta makoko, n'kulidya pang'onopang'ono ndi ulemu wonse.